KODI NDIFE DANIELI, KAPENA NDIFE BABULO?



Sindikhulupirira kuti pali gulu la acinyamata m'mipingo yathu limene silinacitepo sewero la Danieli. Ife kwathu talicita kangapo. Mnyamata wamtali afunda bulangete lofiira nakhala mfumu Nebukadinezara, anyamata anai aima patsogolo pake mowerama, ndipo pamene Danieli akana cakudya ca mfumu, chalichi conse ciomba m'manja, amai ndi kuliza nthungululu. Nkhaniyi timaikonda. Koma ndikupemphani kuti mutsegulenso Danieli mutu 1, muwerenge modekha, muone cimene Babulo anacita kwa anyamata aja. Poyamba sanawamenye, sanawaponye m'ng'anjo. Anawasintha maina: Danieli anakhala Belitsazara, Hananiya anakhala Sadrake, Misaeli anakhala Mesaki, Azariya anakhala Abedinego. Anawaphunzitsa cinenero ca eni dziko kuti cao ciiwalike. Anawaikira pa mbale cakudya cimene cikhulupiriro cao cinali kuletsa. Ndipo mukafika pa mutu 6, m'masiku a mfumu Dariyo, mupeza lamulo loletsa pemphero, ndi Danieli ali cogwada katatu pa tsiku, mazenera ali otsegula kuloza ku Yerusalemu.

Dzina, cinenero, cakudya, pemphero. Tsono funso langa ndi ili: pa sewero limene licitika tsiku ndi tsiku m'masukulu athu, m'makomboni ndi pa bwalo la mpira, bulangete lofiira lija afunda ndani?

Ndiyambe ndi manyazi anga. Ku koleji ndinali ndi mnzanga amene tinagona cipinda cimodzi zaka ziwiri. Dzina lake sindichula, cifukwa sanandipatse cilolezo. Tonse tinali kumudziwa ndi dzina la Cizungu, lija lopezeka m'kalasi iriyonse. Tinali kubwerekana sopo ndi mabuku, tinali kugawana kapenta ndalama zikatha. Tsiku lina m'mawa analandira foni yakuti atate ake amwalira, ndipo ife atatu tinamuperekeza kwao, m'komboni ina mu Chipata. Tinadabwa kupeza kuti manda akumba kale ndipo aika tsiku lomwelo. Panalibe bokosi, panalibe kwaya. Mtembo unali wokulungidwa m'nsanda yoyera, amuna anaima m'mizere, ndipo pa mzere wakutsogolo panaima mnzanga uja, atabvala kanzu ndi kacipewa koyera, milomo iri kuyenda m'Ciarabu. Agogo ake aakazi anali kulira m'Ciyao, kumuitana ndi dzina limene ine ndinali ndisanalimvepo. Zaka ziwiri ndinagona pafupi ndi Msilamu osadziwa.

Patapita masabata angapo ndinamufunsa kuti, "Mnzanga, unabisiranji?" Anaseka pang'ono nati, "Iwe, waiwala nthabwala zako?" Sindinaiwale. Ndinazikumbukira zonse nthawi yomweyo: za mabomba m'cikwama, za anthu ogunditsa mphumi pansi, za Acawa oopa nkhumba. Ndinali kuzinena m'cipinda comweco, iye ali pa bedi lake, ndipo nthawi zina anali kuseka nafe. Anandiuza kuti zinayamba ali giredi 8 ku sukulu ina yogonera komweko, m'caka ca 2014, pamene wailesi iriyonse inali kukamba za atsikana obedwa ku Chibok ku Nigeria. Anzake anamucha Boko Haram. Tsiku lina anamuikira fupa la nkhumba m'mbale, nayembekeza kuti adye kaye, kenaka ndi kumuuza. Anasanza usiku wonse, iwo ali kuseka. Atasamukira ku sukulu ina analowa ndi dzina latsopano. Mwezi wa Ramadani ukafika anali kunena kuti m'mimba mwabvuta. Swala anali kucita m'mamawa ife tiri m'tulo, kapena osacita konse. Amai ake akaimba foni anali kuturuka panja, kuopa kuti tingamve Ciyao.

Amene anaika fupa lija sanali acikunja. Anali ana a mipingo yathu, ena a iwo oimba kwaya. Ndipo ine amene ndinali kutsogolera mapemphero a madzulo ndinatsiriza nchito imene iwo anayamba.

Mwina muti, "Zinali zoceza cabe, nanga wamwalira ndani?" Tiyeni tione cimene catayika. Mnzanga uja lero Ciyao amva, koma poyankha acita cibwibwi. Ang'ono ake awiri sacidziwa konse, cifukwa iye anawalangiza kuti asamacilankhule panjira. Agogo ao akhala pakhonde ndi adzukulu amene sangathe kuwasimbira nthano. Ku mzikiti akuluakulu amuona ngati mwana wotayika amene acita manyazi ndi dzina limene atate ake anamupatsa. Kwa ife ndi Mcawa, kwao ndi wosocera. Munthu wa zaka 14 anakakamizidwa kusankha pakati pa kukhala ndi anzake ndi kukhala mwana wa makolo ake, ndipo cimene anasankha camusiya pakati pa mtsinje. Yang'anani bwino m'kalasi mwanu. Kuli a Yusufu ambiri amene asanduka a Joseph, a Ali amene asanduka a Alick, atsikana amene acoka kunyumba atafunda kumutu, nabvula mpango pokwera minibasi, ndi kuubvalanso pobwera madzulo. Mwana wotere ali ndi nkhope ziwiri, ndipo pa ziwirizo palibe imene apumulamo.

Imeneyo ndi njira yoyamba, njira yobisala. Iripo yaciwiri, ndipo ndiyo indiopsa koposa. Wina akasekedwa sabisala, alimba mtima. Aleka mpira wa m'komboni, aleka kubwera ku maphwando ndi ku maliro a anansi, anena mumtima mwake kuti dziko lino si lake. Akatsegula foni apeza alaliki a kutali amene amuuza kuti Akristu onse amuda, ndipo iye alibe cotsutsira, popeza Akristu amene awadziwa ndi aja a fupa la nkhumba. Pambuyo pake ife tomwe tiyamba kudandaula kuti Asilamu ndi odzipatula, sayanjana ndi anthu. Tatseka citseko ndi ife, ndiye tidabwa kuti mlendo ali panja.

Ndidziwa cimene ambiri a inu mwayamba kale kung'ung'udza: Zambia ndi dziko la Cikristu. Zoona, pa 29 December 1991 President Frederick Chiluba analengeza zimenezi ku State House, ndipo mu 1996 mauwo analowa m'mau oyamba a malamulo aakulu a dziko. Pamene malamulowo anakonzedwanso mu 2016 mauwo anakhalabe. Koma werengani ciganizo conse, musalekeze pakati ngati munthu wotola vesi imodzi. Malo omwewo anena kuti ufulu wa munthu aliyense wotsata cikhulupiriro cake usungidwa. Ndipo gawo 19 la malamulo omwewo liteteza mwana wa sukulu kuti asakakamizidwe kucita mwambo wa cipembedzo cimene si cake. Kalembera wa 2010 anapeza kuti pa anthu 100 alionse m'Zambia, Asilamu safika ngakhale mmodzi wathunthu. Tsono tiopa ciani? Ife ndife khamu, iwo ndi kagulu. Ngati dziko la Cikristu litanthauza kuti khamu liri ndi ufulu wopondereza kagulu, ndiye kuti Babulo naye anali dziko labwino, cifukwa anacita zomwezo. Levitiko 19:33-34 alamula kuti ngakhale mlendo wokhala pakati panu musamsautse, mumkonde monga mudzikonda nokha. Nanga kuli bwanji munthu amene si mlendo konse?

Pakuti anthu awa si alendo. Amwenye oyamba anafika ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, mu 1905, ndipo ambiri a iwo anali Asilamu. Ayao anabwera kucokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique m'masiku a atsamunda, kudzasoka zobvala, kudzagwira nchito m'mafamu a fodya ndi ku migodi, monga momwe Acewa, Angoni ndi Atumbuka anali kuolokera malire omwewo. Agogo a mnzanga uja anabadwira kuno dziko lisanalandire ufulu mu 1964. Ali ndi kadi la dziko lobiriwira longa lanu. Ife Angoni amene tinaoloka Zambezi mu 1835 kucokera kumwera, tingauze ndani kuti apite kwao?

Ena muti, "Nanga zigawenga? Kodi ukana kuti ziriko?" Sindikana. Mu April 2015 zigawenga za al-Shabaab zinapha anthu 148 pa koleji ya ku Garissa ku Kenya, ndipo zinali kusankha Akristu. Nkhondo imene inayamba mu 2017 ku Cabo Delgado ku Mozambique inathamangitsa anthu zikwi mazanamazana m'midzi yao. Izi ndi zoipa, ndipo wozibisa ndi wabodza. Koma kumbukirani kuti ambiri a othawa ku Cabo Delgado ndi Asilamu omwe. Kumbukiraninso zimene zinacitika mu December 2015 pafupi ndi Mandera, ku Kenya komweko. Zigawenga zinaimitsa basi ndi kulamula kuti Akristu aime paokha. Asilamu a m'basimo anakana kupatukana, ena anapatsa akazi acikristu mipango yao kuti asadziwike. Mphunzitsi wina wacisilamu, Salah Farah, anaomberedwa pa nkhaniyi ndipo anamwalira mu January 2016. Mpango womwewo umene ife tiseka unapulumutsa alongo athu. Nkhani ya Garissa tonse tinaimva. Ya Mandera ndi angati mwa inu anailalikirapo?

Pali mwambi wakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Pa nsomba ndi zoona, pa anthu ndi bodza, ndipo tikauyesa pa ife eni tipsa nao. Joseph Kony wa ku Uganda anaba ana ndi kudula anthu milomo, uku akunena kuti afuna dziko lolamulidwa ndi Malamulo Khumi. Ku Rwanda mu 1994 anthu zikwizikwi anaphedwera m'machalichi, ophedwa ndi opha onse obatizidwa, ndipo khoti la ku Arusha linapeza wansembe wina ndi mlandu wa kupha mtundu. Kodi mungakonde kuti pa sukulu azikuchani Kony cifukwa mwanyamula Baibulo? Mungati ndi cipongwe, ndipo mungakhale mukunena zoona. Mwana wa giredi 8 wa mu Chipata anagwirizana ciani ndi Chibok, mudzi umene sakanatha ngakhale kuuloza pa mapu? Kumupacika dzina la akupha ndiko kucitira mnzako umboni wonama, chimo limene Eksodo 20:16 aletsa, ndipo kuseka sikulicepetsa.

Akuluakulu ena ali ndi mlandu wakale: Acawa ndi Aluya anagulitsa makolo athu. Mbiri sitingaifafanize. Jumbe wa ku Nkhotakota, Mlozi wa ku Karonga ndi mafumu ena a Ayao monga Makanjira anacitadi malonda a akapolo. Koma funsani anthu a ku Luangwa, kumene kale kunali kuchedwa Feira, kuti Kanyemba ndi Matakenya anali ayani. Anali ndi maina a Cipwitikizi, anali pansi pa mbendera ya dziko lacikristu, ndipo ankhondo ao Acikunda anatentha midzi ndi kumanga anthu magoli. Zombo zimene zinaolotsa anthu akuda mamiliyoni kupita ku America zinali za maiko a Akristu. Anyani asekana zikundu. Ngati mdzukulu ayenera kusenza mlandu wa agogo, palibe wa ife angaime. Mneneri Ezekieli pa mutu 18 anathetsa kale nkhani imeneyi.

Ndipo pali mlandu wina umene ndiumva kawirikawiri: kuti m'masitolo ena a Amwenye anchito alandira zocepa ndipo anyozedwa. Pamene zimenezi zicitika, ndi chimo, ndipo tiyenera kulidzudzula poyera ndi kupita nalo ku ofesi ya za anchito. Koma ndiuzeni, mtsikana wanchito wa m'nyumba ya mkulu wa mpingo alandira zingati? Umbombo ulibe mzikiti kapena chalichi. Ndipo cimene cindiwawa ndi cakuti mkwiyo wathu sufika konse kwa mwini sitolo. Iye tikamuona timwetulira, tipempha thandizo la yunifomu ya kwaya. Mkwiyo ugwera mwana wa telala wa m'komboni, wosauka monga ife, cifukwa iye ndiye tingamufikire.

Tiyeni tikambe za mpango, popeza ndi umene utitengetsa mtima. Amai athu a cigwirizano samapita ku msonkhano mutu uli pamtunda. Masisitere afunda kumutu moyo wao wonse, ndipo tiwalemekeza. Zithunzi zambiri za Mariya zimuonetsa atafunda. Paulo pa 1 Akorinto 11 analembapo ndime yonse. Koma mtsikana wacisilamu akafunda, tiyamba kumufunsa ngati ali ndi dazi, kapena ngati m'katimo wabisa bomba. Anansi athu a ku Malawi anaona kumene masewera otere atsirizira. Mu November 2019 m'boma la Balaka, mkangano wa atsikana obvala hijabu pa sukulu ya mpingo unasanduka ndeu, anthu anabvulala, nyumba zinaonongedwa, ana analeka kuphunzira. Mu 2021 atsogoleri a Akristu ndi a Asilamu anasaina pangano lolola mipangoyo. Cimene anagwirizana atakhetsa magazi akanatha kugwirizana atakhala pa mkeka. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Za nkhumba sindicedwapo. Lamulo loletsa liri m'Baibulo lanu lomwe, pa Levitiko 11. Ife tikhulupirira kuti Kristu anatimasula ku malamulo a zakudya, koma Yesu mwini, Myuda, anakulira m'nyumba yosadya nkhumba. Abale athu a Sabata sadya mpaka lero. Tiomba m'manja Danieli akakana nyama ya mfumu, ndiye tiseka mnzathu akakana fupa.

Tsono wina aimirira nati, "Kodi ufuna kutiuza kuti zipembedzo zonse ndi cimodzimodzi?" Iai, ndipo musandinamizire. Msilamu alemekeza Yesu monga mneneri, amucha Isa, abvomereza kuti anabadwa mwa namwali, ndipo mu Kurani muli mutu wathunthu wochedwa ndi dzina la Mariya. Koma akana kuti Yesu ndi Mwana wa Mulungu, akananso kuti anafa pa mtanda. Ine ndikhulupirira zonse ziwiri ndi mtima wanga wonse, ndipo ndikhumba kuti mnzanga uja adzazikhulupirire. Kusiyana kumeneku ndi kwakukulu, sitingakupake laimu. Koma 1 Petro 3:15 atiuza kuti poyankha za ciyembekezo cathu ticite mofatsa ndi mwaulemu. Ndani mwa inu anatembenuka mtima cifukwa anasekedwa? Zaka ziwiri ndinali ndi mwai wokamba za Kristu ndi Msilamu, usiku uliwonse, bedi ndi bedi. Mwai umenewo ndinaupha ndi nthabwala zanga, pakuti munthu amene abisa dzina lake sangakutsegulire mtima wake. Ndipo ngati wina alowa m'chalichi cifukwa ca kutopa ndi kunyozedwa, sitinapindule mzimu, tangopeza Belitsazara wina.

Ife Akristu a kuno tiyenera kumva ululu umenewu msanga kuposa ena, cifukwa unatipeza. Agogo athu ambiri pobatizidwa anauzidwa kuti maina ao ndi acikunja, asankhe a Cizungu. Ng'oma inaletsedwa m'nyumba ya Mulungu. Ku masukulu ena mwana wolankhula Cinyanja anali kulangidwa. Panapita zaka zambiri kuti tiyambe kubatiza ana athu ndi maina akuti Cisomo, Madalitso, Tiyanjane, ndi kuimba ndi ng'oma popanda manyazi. Cimene tinalira naco dzulo, lero ticita kwa ana a anzathu.

Ndipo Afrika ali ndi citsanzo cina cimene sitiphunzitsa ku Sande sukulu. Ca m'ma 615, otsatira oyamba a Muhammad atazunzidwa ku Mecca, anaoloka Nyanja Yofiira nathawira ku Aksum, ku Ethiopia. Mfumu ya kumeneko inali Mkristu. Adani ao anatuma mphatso kuti awabweze, koma mfumu inakana, niwalola kukhala ndi kupembedza mwa njira yao. Asilamu mpaka lero aphunzitsa ana ao za mfumu imeneyi ndi ulemu waukulu. Mwana wacisilamu wa m'Zambia akamva nkhaniyi ku madrasa, kenaka ndi kubwera ku sukulu kudzakhala pafupi ndi inu, kodi aona cofanana? Ngakhale pa Genesis 25:9, Isake ndi Ismayeli, ana a amai awiri amene anadana, anaima pamodzi poika atate ao Abrahamu.

Makolo athu kumidzi anali ndi nzeru imene ife ophunzira tataya. Pa ukwati kapena pa maliro, ngati pamudzi pali Msilamu, mbuzi anali kupatsa iye kuti azinge, colinga cakuti onse adye mbale imodzi. Palibe amene anataya cikhulupiriro cake cifukwa ca mpeni umenewo. Gulu lathu lakonza mpikisano wa mpira ndi cakudya camasana mwezi wamawa, ndipo taitana anyamata a ku mzikiti wapafupi. Pa komiti panali mkangano. Mlongo wina anati tiitana mimbulu m'khola, mbale wina anati abwere koma tiwatsekere m'chalichi maola awiri amve ulaliki asanadye. Tinakambirana mpaka mdima, abusa ali cete kumvetsera. Pomaliza tinagwirizana kuti tidzapemphera monga ticita nthawi zonse, osabisa dzina la Yesu, koma palibe mlendo adzakakamizidwa kugwada. Mpira udzaima nthawi ya swala yamasana. Mbuzi ziwiri tagula kale, ndipo tapempha a shehe kuti atume munthu wodzazinga. Mnzanga wa ku koleji uja ndamuitana kuti adzakhale woimbira mpira. Wabvomera, koma wandifunsa kuti pa pepala la maina tidzalemba dzina liti. Ndamuuza kuti lija agogo ake anali kuitana pa maliro. Sanayankhebe.

Ine wanu mu utumiki wa acinyamata.